Doketi ya Olive Manda

Mpaka lero munthu akangonditchulira zoti kuli wekishopu kunyanja, ine ndimamva nseru. Anzanga amati ndine wovuta, ena amati ndimadzimva. Anene zimene akufuna, iwo sanaone zimene ndinaona ine.

Ndine Modester Chimbalanga, kwathu ndi ku Dedza, koma ntchito inakanditaya ku Chintheche komwe ndinakhala zaka zisanu ndi chimodzi ndikuimira boma pa milandu kukhothi la majisitireti. Anthu akumeneko ankangonditchula kuti ama pulosikyuta. Chitonga ndinkadziwa cha pamsika, chogulira usipa ndi chokalipira makondakitala, koma cha m'khothi ndinkadalira womasulira.

Chaka chimenecho ndinali ndi mlandu umodzi umene unandikhala pamtima. Wodandaula anali Olive Manda, mayi wa ana awiri wa kufupi ndi Bandawe, msinkhu wa mwana wanga woyamba. Mwamuna wake anali ku Joni. Amene anamugwiririra anali bambo wina dzina lake Enos, mwini maboti atatu a injini, munthu amene theka la mudziwo linkadyera m'manja mwake. Olive anapita kushedi kwake kukagula usipa masana dzuwa likuswa mtengo. Enos anamuuza kuti wouma bwino uli mkati, alowe akasankhe yekha, kenako n'kutseka chitseko. Zinazo zinali mu sitetimenti yake ya masamba anayi ndi mu lipoti la kuchipatala. Sindizibwereza pano ayi, zinabwerezedwa kale mokwanira.

Enos anali pa belo, akuyenda mwamatama pamsewu ngati palibe chimene chinachitika. Kawiri konse tsiku la mlandu linafika, Olive osaoneka. Ulendo wachiwiriwo majisitireti, munthu wodekha ndithu, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi Chimbalanga, Lachisanu la sabata yachitatu ndi komaliza. Wodandaula akapanda kubwera ndithetsa mlandu, bamboyu azipita kwawo." Sindikanawadzudzula, lamulo limatero.

Ndinapita kwa Olive katatu pa kabaza. Ulendo wachitatu ndi pamene anandiuza chimene chinkamuvuta.

"Ama, ine Enos sindikumuopa," anatero m'Chichewa chake cholemera Chitonga. "Ndikuopa makutu a anthu. Zimene ndinakuuzani zija ndikazinene pagulu, Lamulungu ndikalowa bwanji m'tchalitchi? Ana anga azikayenda bwanji kusukulu?"

Ndinamuuza kuti milandu yotere timatseka chitseko. M'chipindamo mudzakhala anthu asanu basi: majisitireti, kalaliki, womasulira, ine ndi Enos mwini wakeyo. "Mawu ako sadzatuluka m'chipinda chimenecho, ndikukulonjeza ine," ndinatero, dzanja lili pachifuwa. Pamapeto pake anati abwera.

Sabata yomweyo kunabwera kalata ya bungwe lathu la oimira boma pa milandu m'chigawo. Bungwe limeneli, abale, chaka chonse limakhala lili gone, ukalilembera za vuto la kuntchito silikuyankha. Limadzuka pokhapokha kukapezeka wopereka ndalama za maphunziro a kunyanja. Kalatayo inati tonse tikapezeke pa loji ina kufupi ndi Kande kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi la sabata ya mlandu wanga ija. Mutu wa maphunziro unali kuteteza ulemu wa mboni pa milandu ya nkhanza. Pamapeto inati aliyense abweretse doketi imodzi, fayilo yonse ya mlandu umene akuuyendetsa, kuti tikaphunzire pa zinthu zenizeni.

Apa ndi pamene ndinapusa, ndipo sindibisa. Ndikanatha kutenga doketi ya mbuzi yobedwa, zinalipo zambirimbiri m'kabati. Koma ine ndinkafunadi thandizo. Kusukulu ya ntchito anatiphunzitsa zigawo za malamulo ndi kuimirira mowongoka pamaso pa khothi, koma palibe anatiuzapo mmene ungamufunsire mayi wovulala mumtima kuti anene zonse popanda kumuvulazanso. Ndinati pakati pa akuluakulu onsewo sipangalephere mmodzi wondiunikira. Ndinkadziwa kuti Olive amagwira ntchito pa loji yomweyo, yochapa zofunda kuseri, koma ndinadziuza kuti kochapira ndi kuholo n'kutali. Ndinadula timapepala n'kumata ndi guluu paliponse pamene panali dzina lake, la mudzi wake ndi la Enos. Ndinamata mpaka zala kuuma.

Lolemba m'mawa ndinapereka doketiyo kwa mlembi wa bungwe, Jeremiah, bambo wamfupi wansangala zopitirira, wa mtundu uja woti pamaliro amapezabe choseketsa. Ndinamuuza kuti aisunge yekha, nthawi yake ikafika ndidzafotokoza ndekha zimene ndikufuna kufunsa. Anati, "Musadere nkhawa, amayi, ili m'manja abwino."

Masiku awiri oyambawo tinaphunzira chiyani? Wapampando wathu, Bwana Fraser Kamanga, anatsegulira msonkhano ndi mawu amene anatha ola ndi theka, kuthokoza aliyense mpaka woyendetsa galimoto yake. Kenako tiyi. Kenako mkangano wa mtundu wa magolofu a bungwe, ena akuti obiriwira, ena akuti abuluu, anthu akuluakulu a imvi kumutu kuloza zala m'mwamba ngati ana a sitandade wanu. Kenako chambo. Masana theka la holo likusinza, theka lina likudina mafoni pansi pa tebulo. Ine ndinkangoti bola Lachitatu lifike, tsiku la madoketi.

Lachitatu m'mawa Bwana Kamanga analengeza kuti lero tichita sewero la khothi. Anati akomiti aona madoketi onse ndipo asankha imodzi imene ili ndi nyama. Mawu ake anali omwewo, ili ndi nyama. Jeremiah anayamba kugawa mapepala mzere ndi mzere. Anga atafika ndinangoona tsamba loyamba n'kulizindikira. Inali sitetimenti ya Olive, masamba onse anayi, ndi lipoti la kuchipatala kumbuyo. Mayina onse anali poyera, la iye, la mudzi, la Enos, mpaka a ana ake.

Ndinamugwira Jeremiah shati pamene ankadutsa. "Timapepala ndinamata tija tili kuti?"

"Aa, timakodwa m'makina a fotokope ku risepishoni," anayankha akumwetulira. "Ndiye ine ndi mtsikana wa pamenepo tinakhala pansi n'kutimatula bwinobwino, sitinang'ambe olo tsamba limodzi. Musadandaule, muno tonse ndife a ntchito imodzi."

Ndinakweza dzanja. Bwana Kamanga anandiona n'kunena pa maiki kuti, "Mafunso kumapeto, Mayi Chimbalanga." Ndipo ine ndinatsitsa dzanja. Ichi ndicho chimandinyansa kuposa zonse. Zaka makumi awiri za kuuzidwa kuti wamkulu akalankhula umakhala chete zinanditsitsa dzanja, ndinakhala phee pampando ngati nkhuku yonyowa.

Anakonza matebulo kutsogolo, uyu majisitireti, uyu pulosikyuta, uyu loya wa woimbidwa mlandu. Pa malo a wodandaula anafunsa ife amayi, tinalipo asanu, ndipo tonse tinayang'ana pansi. Jeremiah ndiye anadumpha. Anakoka nsalu ya patebulo n'kuivala ngati chitenje, kathaulo ka m'manja n'kumanga kumutu, malalanje awiri otsala pa chakudya cha m'mawa n'kuwalowetsa mu shati. Holo yonse inagwa ndi phwete iye asanatsegule n'kamwa komwe.

Sitetimentiyo inali ya m'Chingerezi koma iye ankaimasulira m'Chichewa, akupotoza lilime kuti amveke ngati Mtonga, mawu ataachepetsa ngati a kamtsikana. Mawu amene Olive anandiuza akunjenjemera, amene ananditengera maola atatu kuti ndiwalembe, iye ankawanena akugwedeza chiuno. Amene ankasewera ngati loya, mkulu wina wamimba wa kuboma lina, anatenthedwa nazo. "Mayi, munakuwa? Simunakuwe? Ndiye kuti sizinali zowawa kwenikweni?" Jeremiah ankaphimba nkhope ndi nsalu n'kumasuzumira ndi diso limodzi. Anthu ankamenya matebulo. Mmodzi anachita kupukuta misozi ndi tayi. Anthu amenewa ndi amene amayi a chigawo chonse amawakhulupirira ndi nkhani zawo. Masipika anali awiri akuluakulu, mazenera onse ali otsegula chifukwa cha kutentha.

Itakwana teni koloko chitseko chakumbali chinatseguka, tiyi analowa. Ndinamva pambuyo pake kuti chifukwa cha kuchuluka kwathu, oyang'anira loji anatenga antchito ena a kuseri kuti athandize kuperekera. Kutsogolo kunali anyamata awiri ndi mafulasiki. Wachitatu anali Olive, atavala bulauzi yoyera yobwereka yomukulira m'mapewa, atanyamula thireyi ya makapu.

Nthawi yomweyo loya wabodza uja anali akuti, "Mayi Olive Manda, tauzani khothi lino, Enos atatseka chitseko cha shedi, choyamba kukuvulani chinali chiyani?"

Olive anaima. Anayang'ana bambo wovala nsalu ya patebuloyo, anayang'ana mapepala amene anali patsogolo pa munthu aliyense. Thireyi sanaigwetse. Anapita nayo pa tebulo la tiyi n'kuyamba kutsitsa makapu, imodzi imodzi, kuwandandalika mzere wowongoka, uku Jeremiah akuyankha funso lija mwatsatanetsatane. Anyamata a mafulasiki aja anamuyang'ana kamodzi n'kugwetsa maso pansi. Atatha makapu onse anatembenuka n'kuyamba kufunafuna ndi maso m'holomo mpaka anandipeza. Anandiyang'ana, osati nthawi yaitali, kenako anatuluka ndi thireyi yake.

Pamenepo ndi pamene miyendo yanga inakumbuka ntchito yake, mochedwa. Ndinapita kukhoma n'kuzula chingwe cha masipika. Zimene ndinalankhula sindizikumbuka zonse, koma ndikudziwa kuti ndinawauza kuti ndi agalu, ndipo Jeremiah ndinamuuza kuti mayi ake akanamuona akanalira. Ndinati mayi amene mukumusekayu ndi amene wakuikirani makapuwo, imwani tiyi wakeyo mukhute. Ndinayamba kulanda mapepala tebulo ndi tebulo. Anapanga makope 34, ine ndinatolera 26. Ena anali atalowetsa kale m'zikwama, wina mpaka anandikaniza kuti walembapo manotsi ake.

Bwana Kamanga ananditengera pakhonde. Sanakweze mawu, anthu otere sakweza mawu.

"Mayi Chimbalanga, mwatichititsa manyazi," anatero. "Zachitikazi ndi ngozi, palibe amene amadziwa kuti mayiyu amagwira ntchito pano. Ndipotu mukaziona bwino ndi phunziro labwino kwambiri. Masana ano tili ndi mutu wa kusunga chinsinsi cha mboni, tiziikapo ngati chitsanzo."

"Muziikepo ngati chitsanzo, bwana?"

"Popanda kutchula mayina, inde."

Ndinamuyang'ana bamboyo kuti mwina akuseka. Sankaseka. Ndinati ndilemba lipoti, ndipo ndilemba zonse, malalanje omwe.

"Lembani," anatero akukonza tayi. "Koma musanayambe mudzifunse kuti doketi ya mlandu woti uli m'khothi inatuluka bwanji mu ofesi, ndipo anaibweretsa ndani pa malo amene wodandaula amagwira ntchito."

"Kalata yanu ndi imene inati tibweretse."

"Kalata sinatchule ya Olive Manda. Anzanu abweretsa za mbuzi."

Pamenepo sankanama. Iye anabwerera mkati kukamwa tiyi.

Ndinathamangira kochapira. Ndinapeza Lucy, mayi wa ku Mulanje amene ankayang'anira ochapa, akupinda zofunda. Bulauzi yoyera ija inali pa mpando. Anati Olive wavula, wasamba m'manja, wapita.

"Ife kuno timangomva zonse," Lucy anatero osandiyang'ana. "Akukhitchini, alonda, bambo wa m'maluwa. Poyamba timaganiza kuti ndi sewero la pa wailesi. Ndi momwe mumaphunzirira ntchito yanu imeneyi?"

Lachinayi linali tsiku la masetifiketi ndi zithunzi. Ine ndinakwera kabaza wa ku Bandawe. Ndinamupeza Olive kuseri kwa nyumba akuyanika chinangwa chonyika pa thandala. Anandipatsa moni monga mwa nthawi zonse, anandiikira kampando pamthunzi, iye n'kubwerera pa ntchito yake. Ndikanakonda akanandilalatira, zikanandipepukirako.

"Olive, ndalakwa ine," ndinayamba. "Doketi ija ndinaitenga ndine. Ndimafuna andithandize mmene ndingakufunsire mawa."

"Munati anthu asanu, ama," anatero akumwaza chinangwacho. "Ndinawawerenga poika makapu. Anali 34."

Ndinayesa kufotokoza za timapepala ndi guluu. Ndinkadzimva ndekha kupusa kwake.

"Bambo uja wovala nsalu ya patebulo," anandidula, "ndi pulosikyuta ngati inu?"

Ndinati inde.

"Ndiye kuti kumene amagwirako kuli amayi amene amamuuza zawo."

Iye anapukuta manja, anapisa m'chitenje n'kutulutsa pepala lopindidwa, lonyowa ndi mafuta mpaka kuonekera kuseri. Anandipatsa. Linali tsamba lachitatu la sitetimenti yake, loipitsitsa pa onse, m'mphepete muli manotsi a bolopeni a mnzanga wina. Anati mlamu wake, mchemwali wa mwamuna wake, anagula zitumbuwa pamsika wa Kande m'mawa womwewo ndipo anamukulungira m'pepala limenelo. Wina mwa anthu ophunzira aja analitaya m'bini, ndipo mapepala a m'bini za pa loji amathera kumsika, aliyense amadziwa zimenezo.

"Mlamu wanga amawerenga Chizungu," anatero. "Waimba kale foni ku Joni. Bambo a ana amadziwa kuti kuli mlandu, koma za patsamba limenelo sindinawauzepo."

Ndinamupempha. Ine, mayi wamkulu wa mayunifomu, ndinatsika pa kampando n'kugwada pa dothi. Ndinati akapanda kubwera mawa Enos atuluka ndipo adzachitanso kwa wina. Ndinati chitseko chidzatsekedwa ndithu, ndidzaimapo ndekha.

"Mutseke chitseko kuti asamve ndani, ama?" anafunsa modekha. "Mawa ndili ndi chinangwa china choti ndivuule."

M'chikwama mwanga munali samoni yoti ndikanamukakamiza nayo kubwera. Sindinaitulutse. Ndinadzuka, ndinasansa fumbi m'mawondo, iye anandiperekeza mpaka pa msewu monga amachitira ndi mlendo aliyense.

Lachisanu ndinafika kukhothi seveni isanakwane. Ndinakhala pa benchi ya panja maso ali kumsewu, minibasi iliyonse ikaima ndinkasuzumira otsika. Naini koloko tinalowa. Enos anali m'bokosi la woimbidwa mlandu atavala suti ya bulawuni, tsitsi atameta kumene. Wapolisi wa pakhomo anatuluka pakhonde n'kuitana dzina la Olive Manda katatu, mokweza, monga mwa mwambo wa khothi. Kunayankha mbuzi ya munthu wina kuseri kwa mpanda.

Majisitireti anadikira mphindi khumi zimene sankayenera kudikira, Mulungu awadalitse. Kenako anati, "Boma likuti chiyani?"

Ndinaimirira. "Bwana, boma lilibe mboni."

Analemba kwa kanthawi, n'kuwerenga kuti mlandu wathetsedwa ndipo woimbidwa mlandu ndi womasuka. Zonse sizinathe ngakhale mphindi zitatu.

Pa nthawi yopuma ndinatuluka kuti ndipume mpweya. Enos anali pansi pa mtengo wa mango ndi abale ake akugwirana chanza. Atandiona anawasiya n'kubwera, anawerama pang'ono mwaulemu, dzanja lamanja atalitambasula, lamanzere litagwira pa chigongono.

"Yewu ukongwa, ama," anatero, kundithokoza m'chinenero chake. "Mphwanga ndi mlonda pa loji paja. Akuti sewero lanu linali labwino kwambiri."

Dzanja lakelo sindinalilandire. Iye sanakhumudwe, analibweza m'thumba n'kupita kukakwera galimoto. Ine ndinabwerera mkati, chifukwa wotsatira unali mlandu wa njinga yobedwa ndipo mboni zake zonse zitatu zinali zitabwera.